Mafunso ndi mayankho pa ulimi wa njuchi mu Dwarf Fortress ndi kasinthidwe ka malamulo ake

Pakati pa Amalawi okhala kuno ku Johannesburg pali kagulu kochepa ka anthu amene timasewera gemu ya pa kompyuta ya Dwarf Fortress, ena ku Rosettenville, ena ku Mayfair ndi ku Yeoville, ndipo ambirife timapeza mpata Lamlungu masana kapena usiku tikaweruka kuntchito. Mafunso amene achimwene ndi achemwali ongoyamba kumene amandifunsa kawirikawiri ndi okhudza njuchi, mwina chifukwa ambiri tinakula tikuona ming'oma ili m'mitengo kumudzi, ndipo tikaupeza mng'oma mu gemu mtima umathamangira komweko. Ndasonkhanitsa mafunsowo pano. Ndinene poyambirira kuti njuchi sizidzalemeretsa linga lanu, umene ndi mudzi womwe mumamanga mu gemuyi, koma palibe ntchito ina mu gemuyi imene ingakuphunzitseni msanga mmene zinthu zimalumikizirana, ndiponso mmene munthu angasinthire malamulo ake ndi manja ake.

Kodi Dwarf Fortress ndi gemu yotani, ndipo njuchi zinalowamo liti?

Ndi gemu imene anapanga anthu awiri apachibale a ku America, Tarn Adams ndi Zach Adams, pansi pa dzina lakuti Bay 12 Games, ndipo inatuluka koyamba m'chaka cha 2006. Wosewera amayamba ndi madwafu 7, anthu aafupi a m'nthano, amene amakumba mapiri, kulima, kusula zitsulo, kufulula mowa ndi kudziteteza kwa adani mpaka mudzi wawo utakula n'kukhala linga. Ulimi wa njuchi unawonjezedwa mu 2011. Mtundu wa gemuyi wokhala ndi zithunzi unayamba kugulitsidwa pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, mu December 2022 kudzera ku kampani ya Kitfox Games, koma mtundu wakale wa zilembo ndi zizindikiro ukadapezekabe kwaulere, ndipo njuchi zimagwira ntchito mofanana m'mitundu yonse iwiri.

N'chifukwa chiyani mukulemba kuti madwafu, osati akafula?

Alipo anzathu amene amati akafula pocheza, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake. Ine ndimapewa dzinali popeza Akafula anali anthu enieni amene anakhala m'dziko lathu makolo a Achewa asanafike, ndipo zina mwa zojambula za pamiyala ya ku Chongoni, m'boma la Dedza, akatswiri amati n'zawo. Madwafu a mu gemu ndi anthu a m'nthano za ku Ulaya, andevu zazitali, okonda mowa ndi miyala. Sindiona kuti n'koyenera kusakaniza ziwirizi.

Ndiyambire pati kuti ndikhale ndi njuchi?

Choyamba yenderani mapu anu pamwamba pa nthaka ndi kufufuza ngati pali gulu la njuchi zam'tchire. Zimapezeka pafupifupi kulikonse kumene sikuzizira mpaka madzi kuundana chaka chonse, koma si malo onse amene ali nazo, ndipo muonetsetse dzina lake, chifukwa chulu cha nyerere kapena cha chiswe chimaoneka ngati gulu la njuchi kwa munthu amene sanazolowere. Palinso njuchi zina zazikulu zaubweya zotchedwa bumblebee, zimene madwafu sangaziike mumng'oma. Za izo ndinena kutsogoloku.

Mukazipeza, lamulani mmisiri apange mng'oma. Ungapangidwe ndi mwala kapena mtengo pa shopu ya mmisiri wa zosemasema, ndi dongo pa uvuni wowotchera mbiya, ndi galasi, ngakhalenso ndi chitsulo. Poti mwala suvuta kupeza m'linga la madwafu, ine ndimalangiza mwala. Kenaka mng'omawo uyenera kumangidwa pamalo monga mmene mumamangira tebulo kapena chitseko, ndipo pakhale dwafu wololedwa kugwira ntchito ya ulimi wa njuchi. Pa mng'oma uliwonse pali zosankha ziwiri: china n'chakuti aikemo njuchi kapena asaikemo, china n'chakuti afule uchi kapena asafule. Mukasankha kuti aikemo njuchi, dwafuyo apita yekha kutchire, n'kukanyamula gulu lonse, n'kubwera nalo. Pamalo pamene wazichotsapo sipatsala kanthu.

Mng'oma ndiumange kuti? Kodi pansi pa nthaka sizitheka?

Sizitheka. Mng'oma umafuna kuona kunja, kutanthauza kuti ukhale pa malo opanda denga kapena moyandikana ndi malo otero. Apa m'pamene pali vuto lenileni, pakuti moyo wonse wa madwafu uli pansi pa nthaka kumene kuli chitetezo, ndipo kunja n'kumene kumachokera adani. Mlimi wa njuchi amene akuyenda yekha kutali ndi chipata ndi amene amayamba kugwidwa adani akabisalira. Njira imene ndaiona ikuthandiza ndi kumanga bwalo laling'ono lozunguliridwa ndi khoma koma losafolera, lokhala ndi masitepe otsikira m'linga, kuti mlimiyo atulukire m'kati mwa mpanda momwemo. Dziwani kuti khoma limatchinga oyenda pansi, koma zouluka zitha kulowa, ndiye ikani chitseko kapena chivundikiro pa masitepewo kuti muzitha kutseka zinthu zikavuta.

Ndaikamo njuchi koma palibe chikuchitika. Ndidikire nthawi yaitali bwanji?

Funso ili ndalimva kangapo, ndipo nthawi zambiri palibe chimene chalakwika. Gulu la njuchi likakhala mumng'oma miyezi 3 limakhala lokonzeka kugawidwa, ndipo chisa cha uchi chimafuna pafupifupi miyezi 6. Mwezi wa mu gemu uli ndi masiku 28, chaka chili ndi masiku 336, ndipo pa laputopu yakale imene ambirife tinagula kwa munthu wina, theka la chaka litha kukutengerani madzulo awiri kapena atatu linga likakula n'kuyamba kuchedwetsa makina. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pitirizani ntchito zina, koma muziseva gemu yanu pafupipafupi, popeza magetsi akazima mwadzidzidzi batire ili yotha kale, miyezi yonse imene njuchi zakhala zikugwira ntchito imapita pachabe.

Ndafula uchi ndipo njuchi zonse zasowa. Kodi gemu yawonongeka?

Sinawonongeke. Umu ndi mmene inapangidwira: kufula uchi kumapha gulu lonse la njuchi la mumng'omamo, ndipo mng'oma umatsala wopanda kanthu. Lamulo limeneli ndilo mutu wa ulimi wonse wa njuchi mu gemuyi, ndipo amene sanalimvetse amataya njuchi zake zonse m'chaka choyamba.

Zinandichitikira ineyo. Ndinali ndi ming'oma 6 yodzaza, yonse yochokera ku gulu limodzi lokha limene linali pa mapu anga, ndipo posadziwa ndinaisiya yonse pa chisankho chakuti afule. Lamlungu lina ndili m'kachipinda kanga ku Rosettenville, ndinadzuka kukaphika nsima gemu ikuyenda, ndipo pobwera ndinapeza zisa 6 zili m'nkhokwe, ming'oma yonse ili mbee, kutchire kulibenso njuchi. Zinandiwawa kwambiri, popeza ndinali nditazisamalira kwa milungu iwiri.

Chimene muyenera kuchita n'kugawa ming'oma yanu m'magulu awiri. Ina muiletse kufulidwa. Imeneyi ndiyo mbewu yanu, monga mmene mayi wanzeru amapatulira chimanga cha mbewu n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti ana asakazinge. Mng'oma wa mbewu ukakwanitsa miyezi 3, mlimi amatapamo njuchi n'kukaziika mumng'oma wopanda kanthu, ndipo gulu loyambalo silifa. Ming'oma inayo ndiyo yofula, ndipo ikatsala yopanda kanthu imadzazidwanso kuchokera ku ya mbewu ija. Popeza kugawa kumatenga miyezi 3 pamene uchi umatenga pafupifupi 6, mng'oma umodzi wa mbewu utha kudyetsa ming'oma iwiri yofula. Chaka choyamba chonse ine sindifula n'komwe, ndimangochulukitsa.

Lamuloli silinandidabwitse nditaliganizira bwino, chifukwa ndinaliona ndi maso ndili mwana. Agogo anga aamuna anali ndi ming'oma ya makungwa m'nkhalango ya mitengo ya tsamba ndi mombo, ndipo ankafula usiku ndi muuni wa udzu. Ine ndinkagwira chidebe pansi pa mtengo, utsi ukundilowa m'maso, iwo ali pamwamba akudula zisa zonse, za uchi ndi za ana omwe. M'mawa mwake pansi pa mtengopo pamakhala njuchi zopserera, ndipo zotsalazo kawirikawiri zinkathawa. Ku Ulaya nako kale alimi ankapha njuchi pofula ming'oma yawo yoluka ndi udzu, kufikira pamene ming'oma ya mafelemu ochotseka inafala, monga uja anaupanga Lorenzo Langstroth ku America cha m'ma 1850. Gemuyi ikutsanzira ulimi wakalewo, osati wa ming'oma ya mabokosi imene alimi ambiri a ku Malawi akugwiritsa ntchito masiku ano.

Kodi ndingamange ming'oma yochuluka mmene ndingafunire?

Kumanga mungamange, koma musapitirire ming'oma 40 yokhala ndi njuchi, pakuti kupitirira apo gemu imayamba kuchepetsa zokolola. Njuchi zikachuluka zilibe usinda. Kwa linga la madwafu 50 kapena 60, ming'oma 12 mpaka 15 ndi yokwanira kwa munthu amene akungofuna kuti uchi uzipezeka.

Chisa ndili nacho. Uchi ndiupeza bwanji?

Mng'oma umodzi umapereka zinthu ziwiri: chisa cha uchi, ndi chakudya cha mfumukazi ya njuchi chimene gemu imachitcha royal jelly. Chisacho sichidyedwa chomwecho. Chiyenera kupita ku makina ofinyira otchedwa screw press, amene amamangidwa ndi mamekanizimu awiri, zipangizo zoyendetsa makina zopangidwa ndi makaniko, ndipo dwafu wofinya amafuna jagi yopanda kanthu yothiramo uchiwo. Akafinya pamatuluka uchi m'jagi ndi chibuma cha phula. Uchiwo mutha kuuphikira m'zakudya kapena kuupititsa kofululira mowa, kumene umasanduka mowa wa uchi ngati pali mgolo kapena mtsuko waukulu wopanda kanthu. Phula limapita kwa mmisiri wa phula, amene amaumba nalo tizinthu togulitsa kwa amalonda akabwera.

Gemu ikunena kuti palibe jagi, chonsecho ndinapanga majagi ambiri. Vuto lili pati?

Majagi ndiwo amagwetsa ulesi anthu ambiri pa ntchitoyi. Pali zifukwa zitatu zimene ndakumana nazo. Choyamba, chakudya cha mfumukazi chija nachonso chimathiridwa m'jagi pofula, ndipo jagiyo simasuka kufikira chakudyacho chitagwiritsidwa ntchito. Ndiye ngati kukhitchini simunalole kuti chiphikidwe, majagi anu onse amathera kumeneko mwakachetechete. Kumbukiraninso kuti wophika sangapange chakudya ndi zamadzimadzi zokhazokha, payenera kukhala china cholimba monga nyama kapena bowa. Chachiwiri, majagi akaikidwa m'bokosi losungiramo katundu, dwafu wina akanyamula bokosilo, zonse zili m'katimo zimakhala ngati palibe mpaka atalitula. Pangani kankhokwe ka majagi okhaokha pafupi ndi makina ofinyira, ndipo muletse mabokosi pamenepo. Chachitatu, jagi ya dongo wamba simasunga zamadzimadzi pokhapokha itapakidwa zokutira zake n'kuwotchedwanso. Jagi ya mwala ilibe vuto limeneli, ndipo ndi imene ndimapanga nthawi zonse.

Kodi njuchi zimaluma madwafu?

Zimaluma, ndipo njuchi ikaluma imafa monga zimakhalira m'moyo weniweni. Mbola yake imangopweteka pang'ono ndi kutupitsa, siipha dwafu. Komabe musaike ming'oma pafupi ndi njira imene aliyense amadutsa kapena pafupi ndi busa la ziweto.

Nanga phindu lake n'lotani? Kodi si kutaya nthawi?

Tikawerengera zokolola zokha, munda waung'ono wa bowa wa plump helmet, umene umalimidwa pansi pa nthaka nyengo zonse za chaka, umapereka mowa wochuluka kuposa ming'oma yanu yonse, ndipo safuna jagi kapena makina ofinyira. Amene akufuna kudyetsa ndi kumwetsa linga mwachangu ayambe ndi bowayo. Komabe madwafu amatopa nako kumwa mowa wa mtundu umodzi, ndipo dwafu aliyense ali ndi zokonda zakezake zimene mungaziwerenge pa mbiri yake. Mukapeza mmodzi wokonda mowa wa uchi n'kumupatsa, mtima wake umakhala m'malo, ndipo m'linga mmene munthu mmodzi wokhumudwa atha kuyambitsa chipwirikiti, zimenezo si zazing'ono. Kwa ine palinso chifukwa china. Ntchito zambiri za mu gemuyi ndi zokumba ndi zomenyana, pamene ya njuchi imakukakamizani kuganiza za chaka chamawa, ndipo ndi yokhayo imene imandikumbutsa kwathu.

Ndikufuna kusintha malamulo a njuchi. Kodi modi n'chiyani, ndipo ndiyenera kudziwa kulemba mapulogalamu?

Simufunika kudziwa kulemba mapulogalamu. Zambiri za m'dziko la gemuyi, monga nyama, zomera, miyala ndi ntchito za m'mashopu, zinalembedwa m'mafayilo a mawu wamba amene osewera amawatcha ma raw, ndipo mutha kuwatsegula ndi Notepad. Lamulo lililonse ndi mawu a zilembo zazikulu otsekeredwa m'mabulaketi a makona, zigawo zake zolekanitsidwa ndi madontho awiri. Modi ndi kafoda kanu kokhala ndi mafayilo otere, amene gemu imawawerenga pamodzi ndi ake.

Ndimalangiza aliyense kuyambira pa njuchi chifukwa nkhani yake yonse imakwana pa tsamba limodzi ndipo mutha kuitsatira ndi chala. Pezani nyama yotchedwa HONEY_BEE m'mafayilo a gemu. Mzere wakuti ARTIFICIAL_HIVEABLE ndi umene umalola kuti njuchiyo iikidwe mumng'oma. Mizere iwiri imene imayamba ndi mawu akuti HIVE_PRODUCT imanena zimene mng'oma umapereka, kuchuluka kwake ndi nthawi yake, ndipo muonapo nambala 201600. Nambalayi ndi matiki, timphindi tating'ono timene gemu imawerengera nthawi: tsiku limodzi m'linga ndi matiki 1200, mwezi ndi 33600, chaka ndi 403200, kotero 201600 ndi theka la chaka lija mwakhala mukudikira. Muonanso kuti phula lili ndi mzere wakuti HONEYCOMB_PRESS_MAT umene ukuloza ku uchi, ndipo uchi uli ndi mzere wakuti DRINK_MAT umene ukuloza ku mowa. Makina ofinyira sadziwa kanthu za njuchi. Amangofunsa chisa kuti, ukafinyidwa umatulutsa chiyani? Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndi limene gemu yonse inanditsegukira, chifukwa mkaka ndi tchizi, mbewu ndi mafuta, zonse zimayenda mwa njira yomweyi.

Modi yanga yoyamba ndiipange bwanji?

Musakhudze mafayilo enieni a gemu, chifukwa mukalakwitsa mulibe pobwerera, ndiponso gemu ikalandira zatsopano zosintha zanu zitha kufufutika. Pangani foda yanu m'kati mwa foda ya mods. M'menemo muikemo fayilo yotchedwa info.txt, imene imanena ID ya modi (mawu amene gemu imaizindikirira), dzina lake, wolemba ndi nambala ya mtundu wake, ndiponso foda ina yotchedwa objects. M'foda ya objects lembani fayilo imene dzina lake likuyamba ndi mawu akuti creature. Mzere woyamba m'fayilomo ukhale dzina la fayiloyo, kenaka pabwere lamulo lakuti OBJECT:CREATURE.

Ntchito yabwino yoyambira ndi ya njuchi za bumblebee zija. Lembani SELECT_CREATURE:BUMBLEBEE, pansi pake muwonjezere ARTIFICIAL_HIVEABLE ndi mizere iwiri ya HIVE_PRODUCT mutaikopera ku njuchi wamba, ndipo mutsimikize kuti phula ndi uchi wa bumblebee zili ndi mizere yolozerana ija. Mukatero madwafu anu atha kuziweta. Chenjezo lofunika ndi lakuti SELECT_CREATURE imawonjezera pa zimene zilipo kale, siifufuta. Ngati cholinga chanu ndi kuchepetsa nthawi ya njuchi wamba kuchoka pa 201600 kufika pa 100800, imene ndi miyezi 3, njira yosavuta kumva ndi kuchotsa nyama yonseyo ndi CUT_CREATURE n'kuilembanso yonse m'fayilo yanu ndi nambala yatsopanoyo.

Kodi ndingapange njuchi za kuno ku Africa, kapena kuletsa kuti njuchi zizifa pofula?

Mbali ina mungathe, mbali ina ayi. Mutha kukopera njuchi wamba, kuipatsa ID ndi dzina latsopano, kuiika m'madera otentha okha a tchire la mitengo yapatalipatali, ndi kukweza nambala ya pa mzere wa VERMIN_BITE, umene umanena za kuluma, kuti izikhala yaukali monga njuchi zathu za mtundu wa scutellata, zimene zili ku Malawi ndi kuno ku Gauteng komwe, zija mumazimva zikulira m'mitengo ya jacaranda mwezi wa October. Mnzathu wina anafunsa ngati angatsanzire vuto la njuchi za ku Cape zotchedwa capensis, zimene zitasamutsidwira kumpoto kwa dziko lino la South Africa cha mu 1990 zinayamba kulowa m'ming'oma ya scutellata n'kumaikira mazira awo mpaka magulu ambirimbiri kutheratu. Ganizoli ndi lokongola, koma ma raw alibe lamulo la khalidwe lotere. N'chimodzimodzi ndi kufa kwa njuchi pofula, miyezi 3 yogawira ndi malire a chiwerengero cha ming'oma: zimenezi zili m'kati mwa pulogalamu yeniyeniyo. Ofuna kufika kumeneko amagwiritsa ntchito chida china chotchedwa DFHack, chimene chimafuna kudziwa chilankhulo cha kompyuta cha Lua.

Ndalemba modi koma sikugwira ntchito. Ndione chiyani?

Yambani ndi ichi: modi imasankhidwa popanga dziko latsopano, ndipo dziko limene munapanga kale silingailandire, chifukwa nyama ndi malamulo ake zimakhazikika dziko likamabadwa. Pangani dziko laling'ono lokhala ndi mbiri yaifupi kuti musataye nthawi poyesa, ndipo pa mndandanda wa mamodi muike yanu pansi pa mafayilo a gemu, pakuti simungasankhe kapena kuchotsa nyama imene gemu sinaiwerengebe. Ngati zikukanikabe, tsegulani fayilo ya errorlog.txt, mmene gemu imalemba mawu amene sinawamve. Kawirikawiri cholakwa chimakhala chaching'ono: bulaketi yosatseka, chilembo chimodzi chosowa, kapena mzere woyamba wosagwirizana ndi dzina la fayilo. Mukakonza, kwezani nambala ya mtundu wa modi mu info.txt musanapange dziko lina, chifukwa gemu imasunga kope la modi imene inaigwiritsapo ntchito m'foda ya installed_mods, ndipo ngati nambala sinasinthe itha kuwerenga kope lakalelo m'malo mwa latsopano. Ngati munawonjezera ntchito yatsopano ya m'shopu, monga chakumwa china chochokera ku uchi, onetsetsani kuti mwailembanso pa mtundu wa madwafu ndi lamulo la PERMITTED_REACTION, apo ayi siidzaoneka pa shopu ngakhale zina zonse zili bwino.